Mabanzi a pa msewu wa ku Markham

M'zaka za m'ma 1990 ndinkakhala ku Brampton koma ntchito ndinkagwira ku Markham, matauni oyandikana ndi Toronto, pa kampani ina ya makompyuta. Galimoto ndinalibe. Ndinkakwera ya bambo ena achikulire a ku Chipata, anzanga a kuntchito, ndipo kumbuyo kunkakhala mayi wina wa ku Shanghai, wamfupi, wosatseka pakamwa.

Bambowa ankadana ndi mdipiti wa magalimoto. Tikangoima ankamenya chiwongolero n'kumadandaula kuti Toronto yawonongeka. Mayi uja ankangowaseka.

"Umenewu mukuti mdipiti?" anatero tsiku lina tikuweruka, titaima pa msewu wa mashopu a anthu akwawo. "Kwathu amanga nsanja yatsopano ya mipira ikuluikulu yofiirira, ngati munthu watunga anyezi pawaya. Ukaiona m'mawa pa windo la basi, masana umaionabe pa windo lomwelo."

"Koma nsanja ya m'Toronto muno ndi yaitali kuposa yanuyo," anayankha bambo aja, ngati anaimanga ndi iwo.

"Yaitali inde, koma yowonda, sidya. Mchimwene wanga anatsika basi ku Shanghai, n'kukameta tsitsi, n'kubwerera m'basi yomweyo mpando wake ukadali wotentha."

Mawu amenewo anawabaya bambo aja. Anayang'ana kutsogolo, magalimoto ali duu. Anayang'ana kumanja, panali shopu ya mabanzi.

"Manje muona," anatero. "Mdipiti wa kuno si wamasewera ayi."

Anatsika, makiyi ali pomwepo, injini ikulira, n'kulowa m'shopu muja akuyenda monyadira.

Chitseko cha shopu chitangotsekeka, msewu unatseguka. Magalimoto a kutsogolo onse ananyamuka. Patsogolo pathu panali mbee, kumbuyo mahutala pii pii.

"Yendetsa!" anakuwa mayi uja.

"Ine laisensi ndilibe! Yendetsani inu!"

"Ine ndimadziwa njinga basi!"

Ndinatsetserekera pansi pa mpando kuti asandione. Mayi uja sanachite manyazi. Anatsika ndi ambulera yake, n'kuima kumbuyo kwa galimoto, n'kuyamba kulondolera magalimoto ngati wapolisi. Ena ankawaloleza kudutsa, ena ankawaimitsa popanda chifukwa chilichonse, ndipo ankamumvera. Dalaivala wina wa basi anamuchitira sawatcha.

Kenako bambo aja anatulukira akuthamanga, tayi ili paphewa, thumba la mabanzi lili pachifuwa. Banzi limodzi linagwa n'kugubuduzikira pansi pa lole. Anaima, n'kuliyang'ana, ndipo ndinaona kuti akuganiza zolilondola.

"Bambo, lisiyeni!" ndinakuwa pa windo. "Chonde tiyeni!"

Analowa akupuma wefuwefu, n'kutchera giya yolakwika, galimoto n'kuzima. Mahutala anawonjeza. Mayi uja anamaliza kaye kudutsitsa magalimoto ena awiri asanavomere kukwera.

Pomaliza tinanyamuka. Ine ndinatsegula thumba lija mwakachetechete. Mabanziwo anali otentha, ofewa, m'kati muli nyama ya nkhumba yotsekemera, zomwe pakamwa panga sipanayembekezere.

Bambo aja anasuzumira pa galasi, n'kuona mzere wa magalimoto umene tinausiya kumbuyo. Nkhope yawo inawala.

"Mwauona umene uja?" anafunsa. "Ndaupanga ndekha."

Mayi uja anatafuna kaye banzi lake, kenako anati kwa munthu wongoyamba kumene, ayesetsa.