Za Kalata Yanga ya Umboni ndi Zitumbuwa Zitatu

Ndikufuna kulongosola mwadongosolo zimene zinachitikira kalata yanga ya umboni pa nthawi imene tinkakhala ku komboni ya Chawama, m'zaka zija ufa, sopo ndi mafuta ophikira tinkazipeza titaima pamzere kuyambira m'mamawa.

Poyamba ndiyenera kufotokoza mkhalidwe wa pakhomo pathu. M'nyumba mwathu munalibe chinthu chotchedwa chinyalala. Ufa ukatha m'thumba, mayi a kunyumba ankachapa thumbalo n'kulipachika pakhomo la kuchipinda ngati katani. Tizidutswa ta sopo ankatiunjika m'sokosi imene inasowa inzake, ndipo sokosiyo ndiyo tinkasambira banja lonse. Zotsala za makandulo ankazisungunula ndi palafini kuti zikhale polishi wa pansi. Burashi ya mano ikaphwasuka inkatsitsidwa paudindo n'kuyamba kutsuka nsapato. Koma chimene chinkagwira ntchito kuposa zonse chinali pepala, pakuti mayiwo ankagulitsa zitumbuwa pamphambano, ndipo chitumbuwa chotentha sichiperekedwa pamanja. Mapepala okulungira ankawapempha kwa achibale ogwira ntchito kumayadi, n'kuwayala pansi pa matiresi kuti awongoke.

Ine pa nthawiyo ndinali lova. Fakitale ya mipando imene ndinkagwirako umesenjala inali itatsekedwa, ndipo potichotsa anandipatsa kalata ya umboni, ya pepala lokhuthala, yokhala ndi chidindo, yonena kuti ndine munthu wokhulupirika ndi wosunga nthawi. Sukulu sindinapite nayo patali. Kalembedwe ka makalata ndinadziphunzitsa ndekha kuchokera m'buku la chikuto cholimba limene ndinagula pamsika litagwiritsidwa kale ntchito. Motero kalata ija ndiyo inali satifiketi yanga yokhayo, ndipo panalibenso ofesi yoti n'kundilembera ina.

Kenaka sitolo ina yaikulu ya ku Kamwala inayankha pempho langa la ntchito yosunga katundu. Anandiitana kuti ndikaonekere Lachisanu m'mawa, nditatenga umboni wochokera kumene ndinagwirako kale. Lachitatu ndinatulutsa kalatayo m'sutikesi, ndipo ndinapeza kuti yapindika m'makona. Posafuna kukaonetsa chinthu chopindika kwa akuluakulu, ndinaiyala pansi pa matiresi. Mayi sindinawadziwitse, kaya pakamwa kaya polemba. Apa ndikuvomereza kuti cholakwa chinali changa.

Lachinayi masana ndinanyamula matiresi n'kupeza matabwa okhaokha. Ndinathamangira kumphambano.

"Amayi, ndikufunsa za pepala lokhuthala la chidindo limene linali pansi pa matiresi."

"Ija yokosa?" anayankha uku akutembenuza zitumbuwa. "Ija inali yabwino maningi, siinang'ambike na mafuta. Muli nazo zina?"

"Ija ndi kalata yanga ya umboni."

Anaika pansi chipande. "Imwe bambo imwe! Pansi pa matiresi ni ofesi yanga. Chilichonse chagona paja chimauka chili pa nchito. Nanga nenze kuziba bwanji?"

Atakumbukira bwino anandiuza kuti pepalalo analisungira kasitomala wolemekezeka, mdala wina wochokera ku Migodi amene ankakhoma mbaula ndi makoloboyi pogwiritsa ntchito zitini zakale kumapeto kwa msika. Anali atagula zitumbuwa zitatu.

Ndinamupeza atakhala pa tayala, akuboola chitini ndi msomali.

"Ba mudala, ndabwera pa nkhani ya pepala limene munalandiriramo zitumbuwa zitatu m'mawa uno."

"Ah, ba neba, mukamba monga wailesi," anatero akuseka. "Nkhalani pansi. Pepala yanu ili bwino, osada nkhawa."

"Ili kuti?"

Analoza ndi hamala nsapato yake yakumanzere.

Ndiyenera kulongosola kwa amene sanaone nthawi imeneyo kuti nsapato ikabooka kunsi, munthu ankapinda pepala lolimba kanayi n'kuyala mkati. Inali nyengo ya mvula, ndipo madzi a ku Chawama sankafunsa kuti iyi ndi njira kapena ndi khonde la munthu. Kalata yanga inali itayenda m'matope kuyambira m'mawa.

Ndinapempha mwaulemu kuti aibweze. Iye anakana mwaulemu womwewo.

"Manje muzanisiya na chibowo? Onani pansi apa, ni vidutswa va malata vekaveka. Mufuna nikagone ku chipatala chifukwa cha chidindo?"

Ndinamulonjeza nyuzipepala. Anati nyuzipepala ikanyowa imasanduka phala. Ndinamulonjeza katoni. Anati makatoni onse a pamsikapo anatha kale kufolera madenga ndi kuyala pansi pa tomato. Ankafuna chinthu cholimba kuposa chimene anali nacho, apo ayi sakanavula.

Ndinabwerera kunyumba ndi kuyang'ana paliponse. Chinthu cholimba chokhacho chinali chikuto cha buku langa la makalata. Ndinaliyang'ana kwa kanthawi, pakuti mawu onse aulemu amene ndikudziwa ndinawatola m'menemo. Kenaka ndinatenga lumo ndi kudula ulusi.

Nditamupititsira chikutocho, mdalayo anachigogoda ndi chala, nachiyeza pa nsapato, nachidula ndi sizasi yake ya malata. Mbali yakutsogolo inalowa kumanzere, yakumbuyo kumanja, ngakhale kuti yakumanjayo inali isanabooke.

"Iyi ni ya mailo," anatero akuloza yakumanjayo, kutanthauza kuti ndi ya mawa. Atatero anavula n'kundipatsa kalata yanga ikadali yofunda.

Mkhalidwe wake unali motere: yopindidwa kanayi, ya mafuta pakati, ndi chizindikiro cha chidendene pamwamba pa mawu oti wokhulupirika. Mayi anaiika pakati pa nyuzipepala ziwiri n'kuisita ndi nsimbi yamakala. Matope anauma n'kuyoyoka, koma mafuta anafalikira pepala lonse, kotero kuti poikweza m'mwamba munthu ankaona chitseko kuseri kwake. Chidindo chokha sichinasunthe.

Lachisanu ndinaipereka kwa kapitawo wa sitolo ija. Anaigwira pakona ndi zala ziwiri, naiwerenga, naiyandikitsa pamphuno.

"Bambo, kampani yanu yenze kupanga mipando olo vitumbuwa?"

Ndinaona kuti kubisa sikungagwirizane ndi zolembedwa m'kalatamo. Choncho ndinalongosola zonse motsatana, kuyambira pa matiresi kufikira pa nsapato, osasiyapo ngakhale chiwerengero cha zitumbuwa. Kapitawoyo anaseka mpaka anagwira tebulo. Atapukuta misozi anati:

"Ngati munalondola pepala mpaka mu nsapato ya munthu, katoni ya sopo siizakusobani muno. Muyambe pa Mande."

Ntchitoyo ndinaigwira zaka zambiri ndithu.

Kalatayo kuchokera tsiku lomwelo inasamukira m'chitini cha mkaka chokhala ndi chivundikiro, chimene ndinamatapo chidziwitso choletsa aliyense kutsegula. Mayi anadandaula kuti chitinicho anachisungira mchere, ndipo nkhaniyi amaikumbutsabe. Buku lija, posowa chikuto, linayamba kuthothoka masamba. Oyamba kugwa anali a makalata opempha ntchito, ndipo poona kuti sindinkawafunanso, ndinawapereka kwa mayi ndi chilolezo cholembedwa. Anakulungira zitumbuwa sabata yomweyo, ndipo anandiuza kuti pepala lake linali lopepuka kwambiri, silinafike pa lija la chidindo.