Hinjesi ya a Nakoma

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anamwalira. Anatisiyira dengu lawo lotcholera tiyi, zitenje zingapo, ndi kachithunzi kamodzi kokha, kakang'ono kosafika ndi pabokosi la machesi, kamene azakhali anamatula pakadi yawo ya kuesiteti. Ine ndi mlongo wanga Fatsani, yemwe anali ndi zaka zitatu, tinatsala m'manja mwa azakhaliwo kumalayini, kunyumba za antchito a kuesiteti.

Amene anakhalako kumalayini ku Thyolo amachidziwa chinyontho chake. Chiperoni chikagwa, khoma limatuluka thukuta, machesi amakana kuyaka. Chithunzi chija chinayamba madontho achikasu m'mphepete, ndipo tsiku lina ndinapeza dontho litafika pakhutu la amayi. Ndinachita mantha kwambiri.

Pafupi ndi msika, pansi pa mtengo wa mapeyala, pankakhala a Nakoma, mkulu wokhoma zidebe ndi mbaula. Kale ankagwira ntchito yokonza makina kufakitale. Sankakonda zoyankhula, mwina chifukwa nthawi zonse m'kamwa mwawo munkakhala kawaya. Ndinapita ndi chithunzicho nditachikulunga m'kansalu.

"Agogo, mundipangire kachitini ndiikemo amayi. Muwotcherere konsekonse, kasadzatsegukenso."

Analavula kawaya kaja, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Mayi akowa tinawakwirira kale," anatero. "Ukufuna tiwakwirirenso? Nanga kamlongo kako kaja kakafuna kuwaona?"

Ndinawafotokozera za chinyontho. Anangogwedeza mutu.

"Tipanga kotseguka, kovala m'khosi. Koma upanga ndiwe, Esinati. Ine ntchito yanga ndi zidebe."

Ankanama. Manja awo, akuda ndi ong'aluka choncho, ankadziwa zinthu zimene zidebe sizinawafunsepo. Anatulutsa chidutswa cha mkuwa cha pampu yakale yopopera mankhwala m'tiyi. Anandionetsa kuuwotcha pambaula mpaka ufiire, kenako kuuviika m'madzi, tsuu, kuti ufewe. Ndinadula tizidutswa tiwiri tozungulira, n'kumatikhoma pakadzenje ka pachitsa mpaka tinapindika ngati timbale. Tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira kumeneko, ndipo kwa masabata ntchito inali ya tupa yokhayokha. Ndikati ndamaliza, ankaphatikiza timbale tija n'kutiyang'anitsa kudzuwa. Kuwala kukalowa pakati, ankandibwezera kuti ndipalenso. Ndinkawakwiyira mumtima, komabe mawa lake ndinkabweranso.

Chovuta chinali hinjesi, polumikizira chivundikiro kuti chizitseguka. Tinakulunga timizere ta mkuwa pasipoko ya njinga, n'kupanga timipaipi titatu: tiwiri ta pansi, kamodzi ka chivundikiro, tonse tondondozana kuti kawaya kadutse pakati. A Nakoma anandipatsa chitsulo chotentha ndi mtovu, iwo n'kubwerera kumbaula zawo. Mtovu unasungunuka bwino, koma unayenderera m'timipaipi tonse. Utazizira, kabokosiko kanali katagwirana, osatseguka ngakhale ndi mpeni. Ndinalira.

"Ukuliranji? Si kosatseguka kaja unkafuna?" anandiseka. Aka kanali koyamba kuwaona mano.

Anakatenthetsanso n'kukamasula, ine n'kupalanso ndi tupa. Kenako anatenga nyali yawo ya koloboyi, n'kupala mwaye ndi chala, n'kuulowetsa ndi kamtengo m'malo onse ofunika kuti aziyenda.

"Mtovu umakonda poyera," anatero. "Pamene sukufuna upite, detsapo."

Ulendo uno mtovu unafika pamwaye n'kuima, ngati mwana amene wauzidwa kuti asadutse pakhomo. Ndinatsegula, ndinatseka, kenako ndinatsegulanso. Kankalira kuti tepe, ndipo kuwala sikunkalowa. Ndinaona a Nakoma akukatembenuza m'manja mwawo mwaulemu ngati sikanachokere pachitsa chawo chomwe.

Ndinaikamo chithunzi chija, ndipo chinyontho sichinalowemo. Amene ankalowamo ndi Fatsani. Ankandikoka chingwe m'khosi m'mawa, masana, ngakhale tili m'tchalitchi, n'kumaloza ndi kachala kamatope kuti, "Amama." Ndinakadandaula kwa a Nakoma kuti chithunzi chikufufutika. Iwo anangofunsa ngati hinjesi ikuyenda bwino.

Kabokosiko ndili nako mpaka lero. Hinjesi sinagwedezekepo, koma mkati mwatsala kapepala kotuwa, ndipo munthu wachilendo sangadziwe kuti panali nkhope. Kwa zaka zambiri ndinkati a Nakoma anandilakwira, pakuti kosatseguka kaja kakanasunga amayi bwinobwino. Ndinasiya kuganiza choncho tsiku limene ndinabereka mwana wanga woyamba. Fatsani anabwera kuchipatala, munthu amene amayi anamusiya asanadziwe n'kuvala komwe malaya. Anavundukula kansalu, n'kuyang'ana khandalo kanthawi.

"Achemwali," anatero, "mphumi iyi ndi ya amama."