Mlandu wa Wachiwiri

Mwana wanga Tadala, amene akuphunzira unamwino m'tauni, ali kuno ku Kabudula patchuthi. Loweruka masana ndinamupeza pakhonde, maso ali pa laputopu. Ndinayesa akuwerenga. Ayi ndithu, amasewera gemu.

Musafulumire kumuweruza, makolo anzanga. Si zowomberana mfuti zija. Iyi ndi nkhani, koma wosewerayo ndiye amasankha zoti munthu wa m'nkhanimo anene kapena achite. Gawo loyamba, akuti, linali la mayi wopalasa bwato amene ankawolotsa anthu othawa madzi osefukira, ndipo osewera anamukonda kwambiri. M'gawo lachiwirili mayiyo mulibe. Bwato lili m'manja mwa mayi wina, wofatsa, wa mawu ochepa.

"Ndinatsala pang'ono kuisiya ndisanaiyambe, Bambo," anatero Tadala. "Akatswiri olemba za magemu pa intaneti ainyoza. Akuti ikuyenda pang'onopang'ono, komanso watsopanoyu sakufika pa woyamba uja."

"Nanga iweyo ukuiona bwanji?"

"Ikundikomera. Koma kwa anzanga sindinganene, angandiseke."

Pamkeka pomwepo panali alamu anga a Nabanda, amene anabwera kudzatithandiza kusenda mtedza. Ndi akazi a achimwene anga aakulu, koma achiwiri. Oyamba anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Osatukula n'komwe mutu, a Nabanda anati:

"Wachiwiri amafika ali kale ndi mlandu, mwana wanga. Mlandu wake ndi woti si woyamba."

Anaseka pang'ono, n'kupitiriza kusenda. Ine kuseka kunandikanika.

Ndani m'banja mwathu sanawayerekezepo ndi malemu aja? Malemu anali ndi mawu, akayambitsa nyimbo m'tchalitchi ankamveka mpaka kumsewu. A Nabanda amaimbira pansipansi. Malemu ankalandira mlendo ndi nthabwala kuyambira pachipata, awa amangokupatsa mpando ndi madzi. Ineyo, mwini ndemanga ino, ndinauzapo mkazi wanga kuti nyumba ya achimwene yazizira.

Koma achimwene atadwala matenda ofa ziwalo chaka chatha, ndani ankawayendetsa m'bwalo m'mawa uliwonse mpaka mwendo unayambanso kumvera? Nanga chithunzi cha malemu chili pabalaza chija, amachipukuta fumbi ndani? Zonsezi ndinkaziona, koma m'maso mwanga munali mudakali munthu wina.

Khalidweli tili nalo ambiri. Abusa atsopano asanatsitse katundu, tayamba kale: "Aja ankalalikira osayang'ana pepala." Aphunzitsi aakulu atsopano sitiwapatsa ngakhale teremu imodzi. Wina wa pakamwa potakasuka akangonena kuti sakufika, tonse timavomera, ndipo amene akuona zabwino amakhala chete ngati Tadala, kuopa kusekedwa.

Sindikunena kuti akatswiri alibe ntchito. Ife alimi a fodya timadziwa kufunika kwa wodziwa kusankha. Koma wosankha wabwino amayang'ana tsamba lomwe lili m'manja mwake, osati la chaka chatha. Ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mtedza utatha, Tadala anawakokera amayi ake aakuluwo pa laputopu. Anakana kawiri, kachitatu anapukuta manja pachitenje. M'nkhanimo bambo wina wokwera bwato ankakalipa kuti wopalasa wakale uja akanawolotsa msanga. Pagalasi panatuluka mayankho awiri: kumubwezera mawu, kapena kungopalasa.

"Musankha chiti, amayi?"

"Angopalasa. Akafika tsidya, bambowo adziwa okha."

Tinaseka tonse, ndipo gemuyo tinaionera mpaka batire linatha. Kunena zoona, penapake imachedwadi. Koma ine inandikhutiritsa.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinawatsatira alamu anga. Sindine wodziwa kupepesa, choncho ndinangoti, "Alamu, achimwene akuyenda chifukwa cha inu. Sindinakuthokozenipo."

Iwo anati, "Mwachedwa, alamu, koma mwafika. Tiyeni mukamwe thobwa."

Ndinapita, ndipo ndinabwerako dzuwa litapendeka, mtima uli m'malo.

Nanga inu, wachiwiri amene ali pakhomo panu, kuntchito kwanu kapena paguwa la mpingo wanu, munamuyang'anapo iye mwini, kapena mudakayang'anabe amene anachoka?