Masabata Amene Mayi a Tsache Analeka Kupukuta

Mpingo wathu unkawatcha Mayi a Tsache, ndipo iwo dzinalo sankalikana. Anabadwa achisanu m'banja la mlonda wa pasitolo. Sukulu anaisiyira panjira kuti alere ang'ono awo, ndipo kuwerenga anadzakuphunzira ali kale pabanja, chala chikutsata mizere ya m'buku la nyimbo. Amuna awo, amene anali telala, atamwalira, iwo analera ana atatu ndi makina osokera omwewo, osadandaulira munthu.

Kwa zaka makumi atatu, Loweruka lililonse, ankatsekula tchalitchi, kusesa ndi kupukuta mabenchi. M'chaka china anayamba kupeza kafumbi koyera ngati ufa pa benchi yachitatu, pamene pankakhala ana. Ankakapukuta, koma sabata yotsatira kankabweranso kochulukirapo. Atakweza maso anaona kuti kakuchokera ku mtengo waukulu wogwira denga, ndipo anada nkhawa poganizira anawo.

Anauza mkulu wa mpingo. Iye anakayang'ana Lamulungu m'mawa, napeza benchi ili mbee.

"Fumbi lake lili kuti, amayi?" anafunsa akuseka. "Dengali tinalipaka utoto chaka chathachi. Kapena maso ayamba kupuma pantchito?"

Apa m'pamene mayiwo anazindikira cholakwa chawo. Khama lawo lomwe ndilo linkabisa ngoziyo, pakuti umboni wonse ankaupukuta okha ena asanauone.

Choncho anasamutsira anawo kumbuyo, nasiya benchiyo osaikhudza. Chinali chowawa kwa munthu amene ulemu wake wonse unali paukhondo. Amayi anzawo ankanong'onezana kuti akalamba, tsache apatse ena. Pa sabata yachitatu mwana wawo wamkazi anawadandaulira.

"Amayi, mukutichititsa manyazi. Ngati msana wakana, nenani ndizisesa ineyo."

"Msana uli bwino, mwanawe. Ine sakundimva. Lisiye fumbilo lilalikire lokha."

Lamulungu lachinayi, mkulu uja anakhala dala pa benchiyo, atavala suti yakuda, pofuna kuthetsa mphekesera. Ataimirira kuti awerenge mawu, mpingo wonse unaona kumbuyo kwake kuli mbuu, fumbi lina likumutsikira paphewa. A kwaya analephera kudzigwira. Abusa okha sanaseke. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

M'mawa mwake kalipentala anakwera makwerero, nabaya mtengowo ndi tchizulo. Inalowa yonse mpaka chigwiriro. Anatsika msanga, napita kwa abusa.

"Abusa, mtengowu wafumbwa wonse. Dengali lagwira ndi utoto ndi chisomo basi. Mvula ikubwerayi silikanaipirira."

Mayi a Tsache anakhala pansi pakhomo, nalira misozi ya munthu amene watula katundu wolemera.

Miyezi isanu tinapempherera pabwalo denga likukonzedwa. Anthu amene kwa zaka zambiri sankapatsana moni ankapezeka atanyamula thabwa limodzi, ndipo thabwa lalitali salinyamula anthu osayankhulana. Mkulu uja anapepesa pamaso pa mpingo wonse.

"Ndinapaka utoto pamene pankafunika kugwetsa," anatero. "Ndipo si padenga pokha."

Ambiri anatsatira chitsanzo chake, naulula zimene anazibisa kwa nthawi yaitali. Mayiwo akayamikiridwa ankangoyankha kuti, "Kubisa chovunda si ukhondo. Inenso ndinachedwa kudziwa."

Anasesa m'tchalitchi chokonzedwacho zaka ziwiri, kufikira miyendo itakana. Anamwalira masana ena kunyumba kwa mwana wawo, atangolandira mgonero, mwakachetechete ngati munthu amene wagona ataweruka. Bokosi lawo mkulu uja analigwira kutsogolo, ndipo anakana kulandiridwa mpaka kumanda.

Pansi pa denga limenelo tinkakhalapo ambiri, ena a masatifiketi ndi madigiri, tonse maso ali m'mabuku. Amene anayang'ana kumwamba ndi mayi amene ntchito yawo inali yoweramira pansi.