Chogwirira chitseko cha alamu chinavinitsa chinkhoswe

Anthuni, ndikulemba uku ndikuseka ndekha, miyendo ikadaphwanya ndi gule wa Loweruka.

Chisomo, mwana wa achimwene anga, anali ndi chinkhoswe mu holo ina ku Berea, kuno ku Joni, ndipo za zoimbira anandisiyira ine. Ine kudzimva, ndinagula ampu yatsopano yoimbitsira masipika, ya magetsi ophethira mitundumitundu. Titaiyesa mmawa kunyumba kwa achimwene, nyimbo yachiwiri isanathe, utsi tolotolo.

Akuchimuna anali atanyamuka kale ku Kya Sand pa matekisi awiri. Mwana waphunzira sitepe yolowera mwezi wathunthu. Alowe ndi chiyani, mluzu wanga?

Ndinaitana a Jafali, aku Mangochi, okonza mawailesi mu Hillbrow. Atatsegula ampu yanga anangopukusa mutu: "Achimwene, muno munagula mphepo." Potuluka anapunthwa pa chibokosi chachitsulo chimene alamu amagwirira chitseko. Anagwada ngati aona mfumu.

"Amayi, ichi munachitenga kuti?"

"Anandipatsa abwana posamuka," alamu anayankha. "Nchakufa. Polowetsa fulashi palibe, wailesi mulibe, pokwezera mawu palibe. Batani limodzi basi. Koma chitseko chimagwira bwino."

Zaka zitatu chikugwira chitseko!

"Iyi ndi ampu yakalekale ya mu situdiyo," anatero a Jafali. "Siimba yokha, ntchito yake nkukankha masipika. Ipatseni mikisa mumve."

Lifiti ya pa fulati ya achimwene, monga mwa masiku onse, inali yakufa. Tinatsika nacho masitepe amuna awiri, tikubuula ngati tanyamula thumba la simenti. Mu holo a Jafali anapukuta fumbi, nkulumikiza mawaya ku mikisa yawo ndi ku masipika, nkudina batani lija. Kagetsi kamodzi kanayaka. 

Kenako besi. Abale, besi yake! Yolowa pachifuwa, yosang'ambika, gitala aliyense akumveka payekha. Chisomo analowa ndi sitepe yake yonse osaphonya, ndipo ine amalume aulemu ndinavina mpaka jekete kuthothoka batani. Tsiku lonse chibokosi chinangofunda pang'ono.

Tsopano tiuzane zoona, ife a ku Joni. Timagula ndi makutu kapena ndi maso? Tikamakonzekera ulendo wa kumudzi timafuna chimene chiwale pa basi, kuti a kwathu adziwe kuti sitinapite kukasewera. Chikakhala chakale, chosaphethira, timati chatha. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Mwambiwu ndimaudziwa kuyambira ku pulayimale, koma mu shopu ndinauiwala.

Lamulungu mmawa alamu anandiimbira foni. Ndimati athokoza.

"Alamu, chibokosi changa mubweretsa liti? Chitseko chikumenyeka kuno."

Ndawapititsira ampu yanga yatsopano ija. Yakanika, mphepo ikuikankha limodzi ndi chitseko.

Inu, chitseko chanu mwagwirira chiyani?