Ndinadya nawo mbuzi yopepesera

Lachiwiri lapitali Anangozo, amene amatsogolera gulu la amayi kutchalitchi kwathu kuno ku Ntcheu, anandipeza pakhonde ndikutsuka kambale kanga kamodzi kaja. Amadziwa kuti ndimakonza maposita pa laputopu, a ukwati, a chinkhoswe, a maliro. Iwo ankafuna yamtundu wina.

"Tikufuna yoti tizitumizirana pa foni," anatero. "Yonena kuti mtsikana akagwiriridwa, anthu aleke kuloza chala iyeyo."

Ndinati zimenezo n'zochepa, mubwere mawa. Kudzitama kwanga inu mukukudziwa kale.

Ndinajambula mtsikana wogwetsa nkhope, duku kumutu, chitenje chofika kumapazi, Baibulo m'manja. Pamwamba ndinalemba ndi zilembo zofiira kuti: MWANA WABWINO NGATI UYU ANALAKWANJI? Ndinadziwombera m'manja ndekha, poti m'nyumba muno mulibe wina wondiwombera.

Anangozo atabwera anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavula magalasi.

"Bambo, mwamuveka bwino mwanayu. Nanga akanavala siketi yaifupi, akuchokera koonera mpira, posita yanuyi ikanamukana?"

Anapitiriza:

"Ndiponso mwamunayo ali kuti? Mwajambula mtsikana yekha, ngati zinamugwera kuchokera mumtengo."

Anapita. Ndinatsala ndikuyang'anizana ndi mtsikana wanga wa Baibulo uja, manyazi atandigwira. Ndinali nditayamba ndamusambitsa kuti ayenere chifundo chathu.

Kodi si mmene timachitira tonse? Tikamva nkhani yotere, funso loyamba silipita kwa mwamuna ayi. Anavala chiyani? Amakatani kumeneko yekhayekha? Bwanji sanakuwe? Koma munthu akaberedwa thumba la mbatatesi pa Lizulu, ndani amamufunsa kuti bwanji anabwera ndi mbatatesi zonenepa chonchi? Msika wonse umathamangitsa wakubayo.

Ndikuti "tonse" kuti ndibisale m'chigulu. Zoona zake, nkhaniyi ndi yanga.

Ndili ndi mlongo wanga, ndimutchule Esinati ngakhale si dzina lake. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kwathu ku Kandeu, mwamuna wina wa mudzi woyandikana nafe anamugwirira akuchokera kuchigayo, dzuwa likuswa mtengo. Nkhani sinafike kupolisi. Amalume anati zoterezi sitiyanika pamtunda, mwana angasowe womukwatira. Abale a mwamunayo anabwera ndi mbuzi yopepesera, amalume analandira, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mbuziyo inaphedwa tsiku lomwelo. Wogwira miyendo ndinali ine. Ndinadya nawo, ndi chiwindi chomwe.

Esinati anakhala kuseri kwa nkhokwe, mbale yake ili pansi, ntchentche zikuterapo. Ndinapita kukamuona, ine mchimwene wake wamkulu, wa sekondale, wanzeru wa pakhomo. Mukudziwa mawu amene ndinamupezera?

"Nawenso, bwanji unadzera njira ya kudambo?"

Sanalire. Anangondiyang'ana basi.

Chaka chisanathe anachoka. Pano amagulitsa kabichi pa Lizulu, ndipo kumudzi sapondako pokhapokha pagwe maliro. Tikakumana kumeneko amati, "Muli bwanji achimwene," mawu ake ngati akupatsa moni munthu wokhala naye pampando mu minibasi. Amayi anatisiya, amalume anatisiya. M'mimba mwa amayi tinatuluka awiri okha, koma ndikadwala palibe woti ndimuimbire. Zimandipweteka, ndipo ndilibe womudandaulira, chifukwa mpanda umenewu ndinamanga ndekha.

Akuluakulu amati mlandu suola. Zaka zonsezi ndinkayesa amanena mwamuna uja yekha.

Lachitatu lomwelo ndinafufuta mtsikana wa Baibulo. M'malo mwake ndinaika mbuzi yoyera, yomangidwa chingwe pamtengo. Pansi pake ndinalemba kuti: MBUZI SICHOTSA MLANDU. FUNSANI WOGWIRIRA, OSATI WOGWIRIRIDWA.

Atabweranso madzulo, Anangozo anavala magalasi n'kugwedeza mutu.

"Eya, iyi ndiye ikuluma. Maganizo a mbuziwa mwawatenga kuti, bambo?"

Ndinati ndimangomva anthu akukamba. Mwaona? Ngakhale pamenepo ndinabisalanso.

Positayo yayenda. Yafika m'magulu a pa foni a ku Champiti, ena aitumiza mpaka kwa abale awo ku Joni. Anthu akundiyamikira kuti ndine bambo womvetsa zinthu. Mawu amenewo akundilemera, chifukwa munthu mmodzi amene ndimafuna kuti aione amadziwa bwino kuti ndine ndani.

Lachinayi masana ndinalimba mtima. Ndinamutumizira Esinati positayo ndi mzere umodzi: "Achemwali, funso lija la njira ya kudambo ndinalakwa. Mundikhululukire."

Foni inaonetsa kuti wawerenga. Yankho, zii. Lachisanu lonse ndinkangoitembenuza foniyo patebulo, ikangolira n'kuitola msangamsanga, koma ali munthu wofuna posita ya ukwati.

Loweruka m'mawa uthenga unabwera.

"Ndaona. Koma mbuzi yake inali yakuda, osati yoyera."

Basi. Za kukhululuka sananenepo kanthu, ndipo sindikudziwa ngati adzanena.

Ine amene ndinaigwira miyendo, ndinaidya mpaka kunyambita zala, ndinaiwala kalekale maonekedwe ake. Iye amene sanalaweko ngakhale msuzi akuiona mpaka lero.

Ndaisintha mbuziyo, pano ndi yakuda. Nanga inu, ya kwanu ija munadya inali yotani?