Mkono Wanga M'kamwa mwa Galu wa Polisi

Zimene ndikulemba panozi zinandichitikira ineyo, sindinachite kumva kwa munthu, ndipo amene amandidziwa kwathu kuno kumapiri a ku Ntchisi akhoza kukuuzani kuti sindine munthu wokonda kukometsera nkhani. Maina sinditchula, ngakhale la galuyo. Linali Lachinayi loyamba la mwezi wa Febuluwale, zaka zingapo zapitazo, cha m'ma naini koloko m'mawa, pamene galimoto ya polisi inaima pakhomo panga.

M'bandakucha wa tsiku lomwelo ndinali nditapeza khola lili pululu. Ng'ombe zanga ziwiri zokoka ngolo zinali zitabedwa, fodya titangoyamba kuthyola. Mwayi wake, apolisi a agalu anali pa boma pa mlandu wina, choncho anabwera msanga. M'galimotomo munatsika wapolisi wochepa thupi, wamng'ono kwa ine, atagwira chingwe chachitali, ndipo kumapeto kwa chingwecho kunali galu wakuda pamsana, makutu ali njo, msinkhu wake wofika m'chiuno mwanga.

Mudzi wonse unkafuna kutsatira. Wapolisiyo anakana moseka, amvekere mapazi a anthu onsewa akapondaponda m'njira galu wake azinunkhiza ming'alu ya m'zidendene m'malo mwa mbala. Anasankha ine ndekha chifukwa ndimadziwa njira za m'phiri, ndipo anauza mnzake woyendetsa galimoto kuti andipatse nambala yake ya foni, kenako azungulire kumsewu wa ku Malomo.

Tisananyamuke anandipatsa malamulo. Anati madala, musathamange, musakweze ndodo, ndipo koposa zonse musawerame ngati mukutola mwala. Ine ndinaseka. Ndani mwa ife sadziwa kuti galu wakumudzi ukangowerama, ngakhale pansi palibe mwala, amathawa mchira uli pakati pa miyendo? Iye sanaseke. Anati ameneyu sanaphunzitsidwe kuthawa. Kumaphunziro kwawo kumabwera munthu wovala chinsalu chokhuthala pamkono, n'kumayerekeza kumenya kapena kugenda mwini galuyo, ndipo galu amayamikiridwa akalumphira mkonowo n'kuugwira osausiya mpaka mwini wake atalankhula.

Tinayenda bwino. Galu patsogolo, mphuno pansi, ife pambuyo m'tchire lonyowa. M'njiramo wapolisiyo anamasuka. Anandiuza kuti galuyo anamulandira ali kamwana, miyezi yonse ya maphunziro ankamusambitsa ndi kumudyetsa yekha, moti chakudya cha m'manja mwa munthu wina sadya. Anati mkazi wake amamunyogodola kuti iye mkaziyo ndi wachiwiri chabe, mayi wamkulu ndi uyu wa miyendo inayiyu. Dzuwa litayamba kuwawa anavula jekete lake n'kundipempha kuti ndimunyamulire.

Tinafika pa chigwembe china chakuya chimene madzi a mvula anakumba m'mbali mwa phiri. Galu anatsika mwachangu, chingwe chinakoka, ndipo dothi limene wapolisiyo anapondapo linagumuka. Ndinangomva phokoso, kenako zii. Nditasuzumira ndinamuona atagona chagada, sakugwedezeka, chitsa chakuthwa chitamung'amba pantchafu, magazi akutuluka mothamanga n'kumasakanikirana ndi matope. Galu anali ataima pamwamba pake, miyendo uku ndi uku, akundiyang'ana.

Ndinayamba kutsika. Galuyo sanauwe, anangotulutsa mano n'kumalira cham'khosi ngati galimoto imene ikumveka patali. Ndikabwerera pang'ono, ankasiya. Ndikasendera, ankayambiranso. Foni yanga inalibe netiweki m'chigwamo. Ndinaitana abwana, abwana, koma sanayankhe. Kodi munthu ungatani pamenepo, mnzako akutha magazi ukuona, chokutchinga n'chomwe chimamukonda kuposa wina aliyense?

Kukuwa kwanga kunamveka kwa bambo wina wootcha makala amene anakwatira m'mudzi mwathu, timaitanana alamu. Anafika nkhwangwa ili paphewa, ndipo atangoona galuyo anachita zimene tonsefe timachita osaganiza, anawerama. Sindinaonepo nyama ikusintha mwachangu chotero. Galu anali kale pakati pa phompholo akukwera, chinamubweza ndi chingwe chimene chinali chikadali chokulungidwa pamkono wa mbuye wake. Ndinakalipira alamuwo kuti aweramuke, aime ngati mtengo. Iwo anati alamu, munthu afe chifukwa cha galu? Anati ndiwalole amuteme kamodzi pamutu nkhani ithe.

Kunena zoona, ndinaganizira. Koma ndinawauza kuti akangophonya tinyamula anthu awiri m'malo mwa mmodzi, ndipo chingwe chikakokanso chimukhwekhwereza wovulalayo pachitsa paja. Ndinawapatsa foni n'kuwauza kuti abwerere cham'mbuyo mpaka galu asawaonenso, akwere pamwamba pa phiri aimbire woyendetsa galimoto uja, ndipo aitane amuna abwere ndi machira.

Nditatsala ndekha ndinavala jekete lija. Vuto linali lakuti kumanga bala la munthu wogona pansi kumafuna kuwerama, chinthu chomwe galuyo sakanalola. Pamenepo ndinakumbukira mmene tinaleredwera, kuti ukafika pakhomo pa munthu wamkulu sumuimirira pamutu, umakhala pansi chapatali, n'kuodira, n'kudikira akulandire. Ndinakatsikira kumunsi kwa chigwembecho, ndinakhala pansi m'matope, manja pamaondo, maso kumbali. Ndinayamba kulankhula naye motsitsa mawu. Malamulo ake amamva a Chingerezi, koma ine ndinalankhula Chichewa chathu chomwechi, ndipo musaseke, ndinkamutchula kuti achimwene. Ndinati achimwene, ndabwera kudzaona odwala, sindinabwere ndi nkhondo, munthuyu ndi wanu ndipo sindikulandani. Ndikalankhula pang'ono, ndinkadzikhwekhwereza ndi matako pang'ono.

Nditafika poti ndikhoza kukhudza nsapato ya wapolisiyo, ndinatambasula dzanja lamanzere. Galu analigwira pamkono. Sindinaone n'komwe mmene anachitira, ndinangozindikira mkono wanga uli m'kamwa mwake, mano akumveka kudutsa jekete, mpweya wake wotentha ukundiomba kumaso. Koma sanatsindike. Anangogwira, mphuno yake ikununkhiza nsaluyo, maso ali pa ine. Kaya linali fungo la mbuye wake pa jeketelo, kaya kunali kukhala pansi kuja, sindidziwa. Ndinadziuza kuti mkonowo ndamupatsa, ausunge, ine nditsale ndi winawu.

Ndi dzanja lamanja ndinamasula lamba wanga, ndinamulowetsa pansi pa ntchafu kumtunda kwa balalo, n'kuyamba kukoka. Pamenepo mpamene panali poopsa zedi. Ululu unamudzutsa wapolisiyo ndipo anabuula, galu atamva kubuulako mano anayamba kulowa. Ndinamva khungu likuboola. Mtima unkandiuza kuti ndisolole mkono ndithawe, koma ndinadziwa kuti ndikasiya lambayo magazi ayambiranso, ndipo ndikasolola mkono ndiye kuti ndamuuza galu kuti ndine mdani. Ndinangoti abwana, dzukani, lankhulani naye mnzanuyu.

Anatsegula maso. Anatchula liwu limodzi lokha, motsitsa kwambiri moti ine ndinalimva movutikira. Galu anasiya mkono wanga nthawi yomweyo n'kugona pansi, mutu pachifuwa cha mbuye wake.

Magazi anachepa. Funso loyamba la munthuyo silinali la mwendo wake, anafunsa ngati galu wavulala. Kenako anagwira dzanja langa lomwe linalumidwalo n'kuliika pamutu pa galuyo, akumulankhula, ndipo anamasula chingwe pamkono pake n'kundipatsa. Anati madala, anthu akabwera muwauze asafike ngati gulu, abwere awiriawiri, manja poonekera. Zinatero. Amuna atafika ndi machira, ine ndinayenda pambali ndi galu mpaka kumsewu, ndipo sanavute aliyense. Kuchipatala anandisoka pang'ono n'kundibaya jekeseni, ndipo wapolisiyo anapulumuka pamodzi ndi mwendo wake. Ng'ombe imodzi inapezeka patapita masabata, inayo ndinaiwala.

Kumudzi kuno ena amati agalu apolisi amawadyetsa mankhwala, alamu anga aja mpaka lero amati chinali chiwanda. Ine sindikhulupirira zimenezo. Chimene ndinaona ndi nyama imene inaphunzitsidwa ntchito imodzi ndi munthu mmodzi, ndipo inaigwira ntchitoyo ngakhale pamene munthuyo sankatha kuiuza chochita. Ikanafuna kuthyola mkono wanga ikanathyola, koma inadikira mawu a mwini wake. Choncho ndikuchenjezeni anzanga, apolisi akabwera ndi galu m'mudzi mwanu, mverani zimene mwini galuyo akunena. Musawerame, musathamange, ndipo musakhudze wapolisiyo mwadzidzidzi, ngakhale mukufuna kumuthandiza.

M'mawa wa tsiku lotsatira ngoziyo ndinapalasa njinga ndi dzanja limodzi kupita kuchipatala. Ndinamupeza wapolisiyo ali ndi nkhawa, atamva kuti galu wakana chakudya chimene anzake anamupatsa. Anavula malaya amkati amene anagona nawo n'kundipempha kuti ndikamupatse galuyo. Ndinakamupeza galuyo ali m'chipinda chake kuseri kwa polisi, mbale ili yodzaza. Ndinakhala pansi chapatali, ndinaodira, ndipo ndinayala malayawo pafupi ndi mbale. Anawanunkhiza nthawi yaitali, anagonapo, kenako anayamba kudya.